Oxalic acid pa chisoti cha KAR: dzimbiri linachoka, penti wakale anatsala

Ufa wa oxalic acid ndinaugulira ntchito imodzi, ndipo ntchitoyo unaigwira. Unachotsa dzimbiri pa chisoti chachitsulo cha malemu agogo anga aamuna, amene anali msilikali wa King's African Rifles (KAR), koma penti amene anapakidwa ku fakitale zaka zoposa 80 zapitazo anatsala pomwepo. Ngati muli ndi chitsulo chakale chopentedwa chimene mukufuna kuti chisiye kudyeka koma ukalamba wake uzionekabe, gulani. Ngati mukufuna chisoti chong'anima waliwali, sungani ndalama zanu, ufawu sudzakupatsani zimenezo. Ndinenerenso poyamba pomwe pano kuti ndi poizoni, ndipo ndi timibulu toyera tosasiyana ndi shuga.

Wanga anandigulira alamu anga a ku Joni m'sitolo ya hardware, n'kuutumiza pa basi limodzi ndi katundu wa mlongo wanga. Ndi kachigubu ka pulasitiki ka magalamu 500. Kumeneko amaugulitsa kwa anthu ofuna kuyeretsa matabwa amene ada ndi mvula komanso kuchotsa madontho a dzimbiri pa simenti, ndiye malangizo a pa lebulo amangokamba za matabwa ndi simenti basi. Za chitsulo chopentedwa palibe ngakhale liwu limodzi. Chenjezo lilipo, koma analilemba m'tizilembo toti munthu wa msinkhu wanga mpaka ayambe wafunafuna magalasi. Pamenepa opakira ufawu sanachite bwino. Chinthu chokhoza kupha munthu chimayenera kulembedwa m'zilembo zoti ngakhale mwana wa sitandade 3 aziona ali pakhomo. Alamu atawerenga lebulo ija anandiimbira: "Alamu, mankhwala oopsa chonchi, mwavutika ndi makoswe kapena?" Nditawauza kuti ndi a chisoti cha agogo anangoseka, akuti iwo ankayesa chinatayidwa kalekale.

Ndinasankha ufa osati mankhwala amadzi chifukwa cha kulemera. Osunga zinthu zakale za nkhondo kunjaku amayamikira mankhwala amadzi monga Evapo-Rust, ndipo sindikuwatsutsa. Koma chisotichi n'chotambalala pafupifupi masentimita 30, moti kuti chimire chonse pamafunika malita opitirira khumi. Tangoganizani kulipirira malita onsewo pa basi kuchokera ku Johannesburg mpaka kudzadutsa pa Mwanza. Ufa wa theka la kilogalamu umalowa m'thumba la jekete, madzi mumathira a kwanu konkuno. Ine sindinamalize n'theka lomwe.

Chisoticho ndi cha Angerezi, mtundu umene amautcha Mk II, umene anayamba kupanga mu 1938. N'chosazama, chili ndi mlomo wotambalala kuzungulira, maonekedwe amene John Leopold Brodie anayambitsa ku London mu 1915, nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene makolo athu ankaitcha ya Chiwaya. Chitsulo chake si cha mtundu wa khasu kapena lata. Ndi chosakaniza ndi manganese wochuluka, pafupifupi magawo 12 pa 100, chimene Robert Hadfield wa ku Sheffield anatulukira mu 1882, ndipo maginito sachigwira. Ndinatenga maginito a sipika yakale n'kuwaika pamwamba pa chisoti, anangotsetsereka. Mwana wanga wamng'ono anati ndiye kuti si chitsulo chenicheni. Ndi chitsulo, ndipo dzimbiri limachidya bwinobwino. Zisoti zina za mtundu womwewu ankazipanga ndi chitsulo chotsikirapo, zopatsa anthu oteteza mizinda ya ku Britain osati opita kunkhondo, ndipo ankazibowola timabowo pamlomo pafupi ndi pomangira lamba kuti zizidziwika. Zopangidwa ku South Africa zimadziwika ndi mabowo atatu kumbuyo kwa mlomo, omangirapo nsalu yoteteza khosi ku dzuwa. Changa chilibe bowo lililonse pamlomo.

Agogo anali mu King's African Rifles. Anyamata a ku Nyasaland m'gulu limeneli anamenya nkhondo ndi Mataliyana ku Moyale, m'malire a Kenya, ndi ku Tug Argan ku Somaliland mu 1940, analowa Abyssinia (Ethiopia) mu 1941, anafika ku Madagascar mu 1942, ndipo mu 1944 anali ku Burma ndi 11th East African Division, kutsika chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula yosakata mpaka kukafika ku mtsinje wa Chindwin. Kuti agogo anafika ku Burma timadziwira mendulo yawo ya Burma Star imene amasunga azakhali. Chisoti pachokha sichinena kumene chinapita. Chidindo chimene chili pamenepo chimangonena amene anachipanga ndi chaka chimene anachipanga, ndipo ndikunena izi chifukwa pa intaneti chisoti chilichonse chadzimbiri amachigulitsa ndi nkhani yoti chinali pakati pa zipolopolo.

Chimene chinawononga chathuchi si nkhondo ayi. Ndi nkhuku. Kumudzi kwathu, chakufupi ndi Jali, chinakhala zaka zambirimbiri pansi pa nkhokwe, chogadamika, nkhuku zikumweramo madzi. Kunja kwake, kumene kunkakhudza dothi pamwamba penipeni pokha, kunali dzimbiri lofiirira lothothoka ndi chala, koma pansi pa dzimbirilo penti ankaoneka apa ndi apo. M'kati, mmene munkakhala madzi, munali psuu, dzimbiri lokhuthala lokhala ndi timatuza. Zansalu ndi mphira za m'kati zinali zitawola, kutsala timalamba touma topingasa pamwamba. Lamba wa pachibwano kunalibe, kunangotsala tizitsulo take tiwiri tomangirapo.

Ndisanaganize za ufawu ndinapita nacho kwa mmisiri wina wowotcherera zitsulo m'tauni muno. Sanachedwe nacho. "Madala, ichi n'chosavuta. Tichipala ndi grinder, tichimenya sandipepa, kenako penti wobiriwira wa asilikali. Mawa lomwe mudzachitenge chili chatsopano." Ndinamufunsa za penti wakaleyo. Anati penti wakale ndiye dothilo. Simungamunene kuti ndi mmisiri woipa, mageti ndi mafelemu a mawindo amapanga okongola, koma ntchito yake ndi yosandutsa chakale kukhala chatsopano, pamene ine ndinkafuna chakale chikhalebe chakale. Ena anandilangiza asidi wa batire, ena asidi wotsukira matailosi ndi zimbudzi. Amenewo amachotsadi dzimbiri msanga, koma amadya chitsulo chamoyo chomwe, ndipo wotsukira matailosiyo, amene nthawi zambiri amakhala hydrochloric, amasiya mchere m'timaenje ta chitsulo umene umadzutsanso dzimbiri loposa loyamba lija. Njira ya magetsi, yoviika chitsulo m'madzi a washing soda n'kulumikiza tchaja ya batire, ndi yabwino pa makasu ndi masipanala, koma imasupula penti yense. Ndiye zonsezi ndinazisiya.

Oxalic acid amagwira mosiyana. Amakonda kugwirana ndi chitsulo chimene chasanduka kale dzimbiri, n'kuchisungunulira m'madzi, pamene penti wa mafuta sachita naye changu, ndipo chitsulo chamoyo amachidya pang'onopang'ono kwambiri. Si mankhwala achilendo kwenikweni. Pang'ono pokha amapezeka m'masamba monga sipinachi ndi bonongwe, ndipo alimi a njuchi m'maiko ena amapherako tizilombo ta m'ming'oma. Koma wa m'chigubuyu ndi wamphamvu. Akalowa m'thupi amagwirana ndi calcium n'kupanga timiyala timene timawononga impso, pakhungu amawotcha pang'onopang'ono munthu osazindikira msanga, ndipo m'maso ndiye musayerekeze. Magolovesi a mphira aatali aja, magalasi otchinga maso, ntchito yonse panja, ana ndi ziweto kutali. Fumbi lake musalipume pothira, ndipo musamusakanize ndi Jik kapena bleach wina aliyense, chifukwa pamatuluka mpweya wa chlorine.

Ndinayamba ndayesa pa chinthu china. Ndili ndi sutikesi yachitsulo ya ku sekondale, yopentedwa yakuda ndi mizere yofiira, imene chivundikiro chake chinathothoka kalekale. Ndinadula tizidutswa ta chivundikirocho, china n'kuika mu vinega, china m'madzi a ufawu, china n'kuchisiya dala m'madzi a ufawu usiku wonse kuti ndione choipa chimene chingachitike. Cha mu vinega dzimbiri linachoka mochedwa, ndipo penti m'mbali anayamba kutukuka. Cha mu oxalic chinatuluka choyera, penti wakuda ali gwa. Koma mzere wofiira uja unafwifwa, ndipo ichi n'chofunika kuchidziwa: mapenti ena ofiira ndi abulawuni mtundu wawo umachokera ku dothi la chitsulo lomwelo, lachibale ndi dzimbiri, ndiye asidiyu sasiyanitsa. Chimene chinagona usiku wonse chinatuluka chitakutidwa ndi kanthu kachikasu kopita kobiriwira, kokakamira zedi. Kameneko ndi iron oxalate, ndipo kamabwera asidi akachuluka kapena chitsulo chikakhalitsamo. Kamachoka ndi mswachi kakadali konyowa, koma kakauma mudzatukwana.

Za madzi, palibe amene anandiuza, ndinangozionera m'tambula. Madzi a pa mjigo amene anabwera nawo ana m'chigubu kuchokera kumudzi, nditathiramo ufa pang'ono, anachita mbuu, ndipo pansi panadikha zoyera. Ameneyo ndi asidi amene wagwirana ndi laimu wa m'madzimo, watha ntchito asanakhudze dzimbiri. Madzi a pampopi a kuno ku Zomba, ochokera ku damu la Mulunguzi, anangokhala mbee. Ndiye ngati kwanu madzi ndi aja sopo sachita thovu, tungani a mvula. A ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene mijigo ina imatulutsa madzi a mchere, amenewo musatsukire chitsulo chilichonse chimene mumachikonda.

Zam'kati za chisoti cha Mk II zimagwidwa ndi bawuti imodzi yokha pamwamba penipeni. Ndinaidonthezera palafini, n'kuisiya, n'kudonthezeranso, mpaka inalola yokha popanda kuikakamiza. Ikathyoka bawuti imeneyi simudzaipeza m'hardware ya kuno. Timalamba touma tija ndinatiika mu envelopu, chifukwa nsalu, chikopa ndi mphira siziyenera kulowa mu asidi. Amene muli ndi chisoti cha nkhondo yoyamba ija samalani kwambiri pamenepa: zam'kati za zisoti za nthawi imeneyo ankaikamo asbestos pamwamba, ndiye musazikutumule kapena kuzipala. Ndipo penti wakale wambiri amakhala ndi mtovu, chifukwa chinanso chimene sindinafunire kuti fumbi lake liziuluka pa grinder. Kenaka chisoti changacho ndinachitsuka ndi sopo wa mbale ndi madzi ofunda, kuchotsa ndowe za nkhuku, dothi ndi palafini yense, chifukwa asidi sadutsa pa mafuta. Matuza akuluakulu a dzimbiri a m'kati ndinawagogoda ndi kamtengo ka nsungwi kosongola, osati mpeni.

Muyezo wanga unali supuni yaikulu imodzi pa lita iliyonse ya madzi ofunda, m'beseni lakuya la pulasitiki. Beseni lachitsulo, ndowa ya lata kapena poto wa aluminiyamu ayi, asidi amayamba kudya zimenezo. Madzi ayambe kulowa m'beseni, ufa pambuyo, n'kutakasa ndi mtengo mpaka timibulu tonse titasungunuka. Supuni ndi beseni zimenezo zisabwererenso kukhitchini. Ena amathira wambiri kuposa apa kuti zithe msanga. Ine ndikuti wochepa ndiye wabwino, chifukwa amakupatsani mpata woona zimene zikuchitika ndi kuimitsa pamene mwakhutira. Chisoti chilowe chogadamika ndipo chimire chonse. Chikamira theka, pamene pathera madzi pamatsala mzere wozungulira umene suchoka, ndipo chikalowa chovundikira, mpweya umatsekeredwa pamwamba m'kati, asidi osafikapo.

Poyamba simuona kanthu. Palibe thovu, palibe fungo, munthu mpaka kuyamba kukayika ngati alamu sanagule mchere. Pakapita nthawi madzi amayamba chikasu, ndipo mukachivuula n'kupaka mswachi wakale, dzimbiri limachoka ngati matope ofewa osafuna mphamvu. Ndinkachivuula pafupifupi theka la ola lililonse, kutsuka ndi mswachi, kuyang'ana, kubwezeramo. Ntchito yake ndi imeneyi basi, ndipo ndi yotopetsa. Si mankhwala oti muviike m'mawa n'kupita kutauni. Kunja kunayera msanga kuposa m'kati, ndiye kunja kutafika pamene ndinafuna, ndinachitulutsa, n'kuchikhazika chogadamika pa kabakuli, n'kuthira madzi a asidiwo m'kati mokha kuti apitirize kumene kunali dzimbiri lambiri.

Zimene zinatuluka kunjako ndi zimene zandichititsa kulemba zonsezi. Pamene ndinkayesa kuti ndi dzimbiri lokhalokha, gawo lalikulu linali dzimbiri lochokera m'timabala ting'onoting'ono limene linayenderera n'kuphimba penti wabwinobwino. Litachoka, panaoneka penti wa khaki wopita kobiriwira, wokhakhala pomukhudza, chifukwa ankasakanizamo mchenga kuti chisoti chisamanyezimire padzuwa kapena chikanyowa. Mchenga umenewo ukadalipo, mutha kuumva ndi chala. Mkombero wopinda wa m'mphepete, umene ndi wa chitsulo chosachita dzimbiri, unayera n'kuoneka polumikizira pake kumbuyo. Pansi pa mlomo, pafupi ndi kachitsulo komangirapo lamba, panatuluka chidindo: BMB, ndi chaka, 1941. Imeneyo ndi Briggs Motor Bodies ya ku Dagenham, kampani yopanga mabodi a galimoto imene nthawi ya nkhondo inkapanganso zisoti, monga mmene ankachitira a Rubery Owen ndi a Joseph Sankey. Chidindochi n'chosazama konse, moti sandipepa akanangodutsapo kawiri chikanapita.

Chapafupi pomwepo, pansi pa mlomo mbali ya kumanzere, panaonekanso manambala olembedwa pamanja ndi penti woyera, ena owerengeka, ena odyeka. Nditangowaona ndinasiya kupakapo mswachi, chifukwa penti woyerayo ndi wopyapyala kuposa wa ku fakitale ndipo anali atayamba kufewa. Manambalawa ndi ofunika kwa ife chifukwa mamendulo a nyenyezi a nkhondo imeneyi, monga Burma Star, Angerezi ankawapereka osalembapo dzina kapena nambala ya msilikali, ndiye mendulo ya kwa azakhali ija ilibe chilembo chilichonse cha agogo. Nditawatumizira chithunzi pa WhatsApp, azakhali anaimba nthawi yomweyo. "Mwanawe, usachipakenso china chilichonse. Chisiye choncho." Ndinawayankha kuti, "Azakhali, musade nkhawa, chatsala n'kuchiumitsa basi." Mendulo ija, ndinawapempha kuti asaitsuke ndi chilichonse, ngakhale phulusa.

M'kati ndiye munandikhumudwitsa, ngakhale mlandu si wa ufa. Mmene munkakhala madzi a nkhuku penti anatha kalekale, ndipo dzimbiri litachoka munatsala chitsulo chotuwa chodzaza timaenje. Asidi amachotsa dzimbiri, sabwezeretsa chitsulo chimene chinadyeka. Pansi pa timaenje takuya munatsala madontho akuda amene sanasunthe, ndipo ndinawasiya, chifukwa kuwathamangitsa kukanafuna kuviika nthawi yaitali, kachikasu kaja n'kubwera. Pafupi ndi bowo la bawuti panatseguka kabowo kena kakang'ono koti singano n'kulowa, kamene dzimbiri linkatseka. Muyembekezere zimenezi: chitsulo chakale chikayera chimaonetsa zilonda zake zonse, ndipo malo ena amaoneka oipa kuposa mmene analili. Khaki uja nayenso ndikuona kuti anafwifwako pang'ono. Si kwambiri, koma amene diso lake ndi lakuthwa aona.

Potsiriza pake ndi pamene pamafunika changu, ndipo lebulo ija sinenapo kanthu. Chikangotuluka mu asidi, chitsukeni ndi madzi ambiri, kenaka chiviikeni m'madzi osungunuliramo soda, yemwe uja timathira m'therere, kuti aphe asidi wotsala. Samalani kwambiri mkombero wopinda uja, chifukwa asidi amabisala m'kati mwake n'kumadzatuluka pambuyo pake ngati mizere yachikasu. Ine ndinkachizunguliza m'madzi a sodawo n'kumachipendeketsa mbali zonse, kenaka kutsukanso ndi madzi oyera. Chitsulo chimene changochotsedwa dzimbiri chimayambanso kufiira mukuona, chisanaume n'komwe. Ndinachipukuta ndi nsanza youma, n'kuthira sipiriti wa methylated mumkombero ndi m'timaenje kuti athamangitse madzi, n'kuchiika pa lata padzuwa la masana mpaka chinatentha chosagwirika. Musachite ntchitoyi tsiku la chiperoni.

Chitauma chinkaoneka chotuwa, chopanda moyo, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amathamangira oyilo wa galimoto kapena vanishi. Oyilo amadetsa penti, amakoka fumbi, ndipo amalowerera pansi pa penti wotukuka. Vanishi amanyezimira, amachita chikasu ndi zaka, ndipo pomuchotsa amachoka ndi penti wakale yemwe. Polishi wofiira wa pansi ndiye n'kosayamba. Chimene chimafunika ndi phula loyera lopanda mtundu. Ndinagwiritsa Renaissance Wax, phula limene linapangidwa m'zaka za m'ma 1950 ku labotale ya British Museum kuti azitetezera zinthu zakale. Kachitini kake ndi kakang'ono ndipo mtengo wake unaposa wa asidi, koma mumangotapa pang'ono pa kansalu, kupaka mopyapyala, kudikira pang'ono, kupukuta. Mtundu wa khaki unabwerera pomwepo popanda kunyezimira. Ubwino wina wa phulali ndi woti mdzukulu wanu akadzapeza njira yoposa iyi adzatha kulichotsa ndi white spirit osavulaza kanthu. Pa manambala oyera aja ndinangogunditsa kansalu, osakhula.

Zam'kati zatsopano zimagulitsidwa pa intaneti, zopangidwa masiku ano motsanzira zakale, ndi lamba wa pachibwano yemwe. Sindinagule. Palibe amene adzachivale, ndipo nsalu yatsopano m'chisoti cha timaenje ingangooneka yonama. Bawuti ndinaibwezera pamalo pake, envelopu ya timalamba ili m'kabati limodzi ndi chisoticho, pa thabwa louma, kutali ndi khoma limene limachita chinyontho nthawi ya dzinja.

Madzi otsala m'beseni musawakhuthulire pabwalo pamene nkhuku ndi agalu amamwa, kapena pafupi ndi chitsime ndi dimba. Ndinathiramo laimu wopakira nyumba pang'onopang'ono mpaka zoyera zonse zitadikha, n'kukakhuthulira m'dzenje kuseri, n'kukwirira. Ufa wotsala uli m'chigubu chake chomwecho, ndinalembapo POIZONI ndi penti wofiira mbali zonse, ndipo ndimautsekera m'bokosi la zida. Musauthire m'botolo lina, makamaka la chakudya. Wotsalawo ndachotsera kale dzimbiri pa sikelo yakale ya m'golosale ndi pa nyale ya palafini ya amayi, ndipo pa nyaleyo unachita bwino kuposa pa chisoti chomwe, poti dzimbiri lake linali lapamwamba.

Pali zisoti zimene sindingakulangizeni kuziviika. Ngati dzimbiri ndi lochepa, timadontho apa ndi apo, asidi ndi wosafunika: sopo, madzi, kuumitsa, phula, mwatha. Ngati penti akutukuka yekha mukamukhudza ndi chikhadabo, ndiye kuti chimene chikumugwira ndi dzimbiri la pansi pake, ndipo likasungunuka penti adzayandama m'beseni. Ngati pali chizindikiro cha gulu la nkhondo chojambulidwa ndi penti wofiira, kumbukirani mzere wa pa sutikesi yanga uja. Ndipo chisoti chimene chadyeka mpaka kuona kuwala mbali zingapo, chimenecho chisiyeni ndi dzimbiri lake, mungochiumitsa ndi kuchipaka phula.

Kumadera a m'malire monga Dedza, Ntcheu ndi Mulanje nthawi zina kumapezeka zisoti za mtundu wina, zakuya, zophimba mpaka m'makutu, zotsala pa nkhondo ya ku Mozambique imene inatha mu 1992. Zambiri mwa izo ndi za mapangidwe a ku Soviet Union, ndipo zam'kati zake anazikhomera ndi marivet, sizichoka ndi bawuti imodzi ngati za Mk II. Pa zoterezi musadule marivet. Nyowetsani nsanza m'madzi a asidi, yalani pamalo a dzimbiri kunja kokha, phimbani ndi pepala la pulasitiki kuti isaume, ndipo muzisuzumira pafupipafupi monga mmene mungachitire ndi beseni. Zimachedwa, ndipo pamene pathera nsanza pamafuna kusuntha kuti pasatsale mzere. Koma ngati chisoticho mwachifukula pansi ndipo pambali pake pali zipolopolo kapena chitsulo china chimene simukuchidziwa, musatole kanthu, musagogode, kauzeni apolisi.